Galimoto ya rimoti ikamazima yokha mutaisintha zipangizo

Pa mavuto onse amene amatipeza ife okonda kumanga ndi kusintha magalimoto a rimoti othamanga m'dothi, limene limabwera mobwerezabwereza ndi ili: galimoto inkayenda bwinobwino momwe inachokera kufakitale, mwaiika mota yamphamvu, matayala akuluakulu kapena servo (kamakina kotembenuza matayala akutsogolo) yatsopano, ndiye pano ikangothamanga mphindi zochepa ikuzima yokha. Pena imaima n'kudzukanso mukaidikira. Pena imadukizadukiza, chiwongolero n'kumanjenjemera. Ambiri amangogamula kuti ESC, kabokosi kolamulira magetsi opita ku mota, yapsa, amaitanitsa ina kunja, kudikira milungu ingapo, kuiika, koma vuto osachoka.

Ine ndimaumirira pa mfundo imodzi: ESC imene ikuzimitsa galimoto, nthawi zambiri imakhala yabwinobwino. Ikuchita zimene anaipangira, kuteteza mota, batire ndi iyo yomwe kuti zisapse. Chimene tiyenera kupeza ndi chinthu chimene ikuthawacho.

Musaizimitse kaye

Galimoto ikaima, dzanja limathamangira pa switchi. Lekani kaye. Mukazimitsa n'kuyatsanso, umboni wonse wafufutika. Ili chiimire choncho, tembenuzani chiwongolero pa rimoti muone ngati matayala akutsogolo akumvera. Kenako chotsani bodi, yang'anani kanyali ka pa ESC, ndipo yezani kutentha kwa mota, ESC ndi batire nthawi yomweyo zisanayambe kuzizira.

Chiwongolero chikamagwira koma mota ili zii, ndiye kuti risiva, kabokosi kolandira uthenga m'galimoto, ikumva rimoti, ESC ndiyo yadula dala mphamvu yopita ku mota. Zifukwa zake zimakhala ziwiri, kutentha kapena kutsika kwa batire, ndipo kanyali kaja kamanena. Pa ma ESC ambiri a Hobbywing, kofiira kakamaphethira ndiye kuti voteji yatsika, kobiriwira ndiye kutentha. Pa VXL-3s ya Traxxas zonse ziwiri zimaoneka ndi kofiira: kakamaphethira pang'onopang'ono ndi batire, kakamaphethira mofulumira ndi kutentha. Kampani iliyonse ili ndi kaphethiridwe kake, choncho tsegulani kabuku ka ESC yanu. Ngati kanatayika, kamapezeka pa intaneti.

Chiwongolero chikafa limodzi ndi mota kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kubwereranso, vuto lili ku magetsi a risiva, ku mapulagi kapena ku eriyo. Tifikako kumunsiku. Koma mota ikamalira ndithu galimoto osasuntha, si nkhani ya magetsi: kasikuluwu kogwira kagiya ka pa mota (pinion) kamasuka, mano a giya yaikulu (spur) aperepeseka, kapena kalachi ya pa giyayo (slipper) yalekerera. Zimenezo mungazione ndi maso.

Kutentha, kumene kumagwira anthu ambiri

Gulani kachipangizo koyezera kutentha kamene mumangoloza osakhudza. Ndi kotchipa poyerekeza ndi mota, ndipo popanda iko mukungolota. Mota ya brushless (yopanda mabulashi mkati) isamapitirire madigiri 75 mpaka 80 pa chikopa chake chakunja. Ikamapitirira kwambiri pamenepo mobwerezabwereza, maginito a mkati amafooka ndipo sabwereranso mwakale. Choipa n'chakuti mota yofooka maginito imakoka magetsi ambiri kuti igwire ntchito yomweyo, ndiye imatenthanso kwambiri kuposa kale. Ma ESC ambiri a Hobbywing amadula mphamvu akafika madigiri 105 mkati mwawo. Ngati mulibe choyezera, ikani chala pa mota mosamala: mukalephera kupirira masekondi atatu, yatentha kale mopitirira.

Gwero lalikulu la kutentha ndi magiya. Pa mota pali kagiya kakang'ono, pinion, kamene kamazungulitsa giya yaikulu, spur. Gawani mano a spur ndi mano a pinion, kenako chulukitsani ndi nambala ya giyabokosi ya galimoto yanu. Tengani Traxxas Slash ya 2WD, imene giyabokosi yake ndi 2.72. Mukaika spur ya mano 90 ndi pinion ya mano 16, yankho ndi 15.3, kutanthauza kuti mota imazungulira ka 15.3 kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukakweza pinion kufika mano 20, nambala ija imatsika kufika 12.2. Liwiro limakwera, koma mota yasenza katundu wolemera. Zili ngati kukwera chitunda pa njinga muli pa giya yolimba: mungafike pamwamba, koma miyendo ikuyaka moto.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti matayala nawo ndi giya. Mukachotsa matayala a mamilimita 110 n'kuika a mamilimita 130, galimoto ikuyenda mtunda wochuluka ndi 18 peresenti pa kuzungulira kulikonse. Kwa mota, zili chimodzimodzi ndi kukweza pinion kuchoka pa mano 16 kufika 19, musanawerengere n'komwe kulemera kwa matayala atsopanowo ndi momwe akugwirira dothi. Kuti mubwerere pamene munali, pinion iyenera kutsika kufika mano 13 kapena 14. Munthu amaika matayala akuluakulu chifukwa amakongola ndipo amakwera miyala bwino, palibe cholakwika, koma pinion yaing'ono igulidwe tsiku lomwelo.

Batire nalo limalowerera. Nambala ya KV imene imalembedwa pa mota imanena kuchuluka kwa mazungulira pa mphindi pa voti iliyonse, mota ikakhala yopanda katundu. Mota ya 3500KV pa batire la LiPo la maselo awiri (2S) lodzadza, limene ndi 8.4V, imafika pafupifupi 29,400. Pa la maselo atatu (3S) lodzadza, 12.6V, imafika 44,100. Kuchoka pa 2S kupita pa 3S osasintha pinion ndi njira yachidule yophikira mota. Yang'ananinso ngati ESC ndi mota zanu zinalembedwa kuti zimalola 3S.

Nayi njira yotsitsira kutentha: yambani ndi batire lodzadza, thamangitsani galimoto mphindi zitatu pamalo amene mumaseweretsapo masiku onse, yezani. Thamangitsaninso zitatu, yezaninso. Ikamayandikira madigiri 75 batire lisanafike theka, tsitsani pinion ndi mano awiri n'kuyambiranso. Musayese pa simenti ngati mumaseweretsa pa udzu. Udzu wautali, mchenga wofewa ndi matope zimalemetsa mota kwambiri kuposa dothi louma lolimba. Nyengo nayonso iwerengedwe: magiya amene ankayenda bwino m'mawa wa mwezi wa June akhoza kuzimitsa galimoto masana a October dzuwa likuswa mtengo, chifukwa mpweya umene ukuyenera kuziziritsa mota ndi wotentha kale. Fani ndi zitsulo zoziziritsira mota zimathandiza, ndipo ndimazikonda, koma ziikidwe magiya atakonzedwa kale. Fani imatha kuziziritsa chikopa chakunja n'kukunamizani pamene mkati mukupsa.

Pali mtundu wina wa kutentha umene sumva kutsitsa pinion, ndipo umenewu ndi wa galimoto yomangika. Chotsani pinion, ikani galimoto pansi posalala, ikankheni ndi dzanja. Iyenera kuserereka mosavuta. Ikaima msanga, nyamulani tayala lililonse mulizungulitse palokha mukumvetsera. Udzu, ulusi ndi tsitsi zimakulungika kumbuyo kwa tayala pa ekiselo mpaka kulimba ngati chingwe. Mchenga umalowa m'mabering'i, makamaka aang'ono a 5x11x4 amene amakhala m'mawilo a magalimoto ambiri a sikelo ya 1/10. Bering'i imene ikumveka kukhadzula mukaizungulitsa pa chala, itayeni. Ogwiritsa m'fumbi agule mabering'i otseka ndi labala, chifukwa otseka ndi chitsulo amalowetsa dothi msanga. Nati ya tayala yomangidwa mopitirira imathanso kufinya bering'i, ndipo shafiti yopindika pang'ono imamanga kamodzi pa kuzungulira kulikonse.

Pobwezera pinion, samalani mpata wa mano. Dulani kapepala ka m'kope, kalowetseni pakati pa pinion ndi spur, kankhirani mota kuti mano alumane, mangani masikuluwu, kenako zungulitsani kuti kapepala katuluke. Mukagwira pinion n'kugwedeza spur, payenera kumveka kampata kakang'ono kwambiri, ndipo muyese malo angapo kuzungulira spur yonse popeza ya pulasitiki sikhala yozungulira ndendende. Mano othinana amatenthetsa mota, otalikirana amaperepeseka. Onaninso kuti pinion ndi spur ndi za kukula kumodzi kwa mano. Za 32P ndi za Mod 0.8 zimalowana bwino, koma za 48P ndi za Mod 0.6, zimene Tamiya imagwiritsa ntchito m'magalimoto ake ambiri, zimangooneka ngati zofanana pomwe sizili choncho.

Ngati ESC yanu imalola kusintha timing (nthawi imene imatumizira magetsi ku mota) kapena punch (mphamvu ya ponyamuka), zibwezeni pamene zinali pochokera kufakitale mpaka vuto litatha. Ndipo ngati ESC ndiyo ikutentha pamene mota ili bwino, onani ngati fani yake ikuzungulira, popeza kamwala kamodzi kamakwanira kuigwira, ndiponso ngati ma amp ake akukwanira mota imene mwaika.

Batire looneka lodzadza koma lopanda mphamvu

Selo imodzi ya LiPo imakhala 4.2V ikadzadza, ndipo ma ESC ambiri amadula mphamvu ikatsika kufika pakati pa 3.0V ndi 3.4V. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti galimoto ikazima amayeza batire n'kupeza 3.8V pa selo, n'kunena kuti batire lilibe mlandu. Koma ESC siyeza batire likupuma, imaliyeza likukoka katundu.

Batire lililonse limakaniza magetsi mkati mwake, ndipo kukanizako kumakula likamakalamba. Matchaja ambiri amakono amaonetsa nambala imeneyi, imalembedwa IR. Tiyerekeze kuti mota ikukoka ma amp 60 ponyamuka. Selo yatsopano ya mamiliohm 4 imatsika ndi 0.24V yokha. Selo yotopa ya mamiliohm 20 imatsika ndi 1.2V, ndiye imene inali 3.9V yagwera pa 2.7V m'kanthawi komweko, ESC n'kudula. Mukasiya thirotolo, chofinya cha liwiro cha pa rimoti, voteji imakweranso ngati palibe chachitika. Mota yakale yofatsa sinkaulula vutoli chifukwa sinkakoka magetsi ochuluka chotere. Mukaona galimoto ikuzima pokhapokha mukafinya thirotolo mwamphamvu kapena pokwera chitunda, bwerekani batire labwino kwa mnzanu muyesere musanagule chilichonse.

Yezaninso selo iliyonse payokha kudzera pa kapulagi koyera ka balance. Selo imodzi ikamatsalira anzake ndi 0.1V kapena kuposa mutatchaja mwa balance, kofananitsa maselo onse, batire limenelo likutha. Nambala ya C yolembedwa pa chikuto, yonena ma amp amene batire lingatulutse, musaikhulupirire kwambiri, makamaka pa mabatire otchipa.

Onani kuti ESC yaikidwa pa mtundu wa batire limene mwalumikiza. Batire la NiMH la maselo 6, la 7.2V, limatsika kwambiri likamakoka katundu, ndiye ESC imene ili pa LiPo imalidula msanga lisanathe. Kutembenuza kwake ndiye koopsa: LiPo pa ESC imene ili pa NiMH ilibe choiteteza, imatsika mpaka kuwonongeka. Pa ma ESC ena a mota za mabulashi, monga QuicRun 1060, zimenezi zimasinthidwa ndi kapulagi kakang'ono kakuda kokhomeka pa timapini. Chonde musazimitse chitetezo cha voteji pofuna kuti galimoto isiye kuzima. LiPo yotupa, yopindika kapena yong'ambika chikuto isabwererenso m'galimoto kapena pa tchaja, chifukwa moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Tchajani pa 1C (amp imodzi pa 1000mAh iliyonse ya batire), pa simenti kapena m'chikwama chosapsa, muli pomwepo, ndipo batire limene likhale masiku osagwira ntchito lisungidwe pa 3.8V pa selo.

Mapulagi ndi mawaya ndimawaika m'gulu lomweli. Galimoto ikangoima, gwirani pulagi ya batire. Ikakhala yotentha, ikudya mphamvu imene inayenera kupita ku mota. Pulagi yoyera yakale ya mtundu wa Tamiya inapangidwira mota zofatsa, ndipo pa brushless imatentha mpaka kusungunuka. Ikani pulagi ya XT60, Deans kapena EC5, malinga ndi kukula kwa galimoto, ndipo chotsani ma adaputa olumikizalumikiza. Powotcherera, mtovu uyenera kusungunuka n'kulowa mkati mwa waya, n'kuuma wowala. Ukauma wotuwa ngati chibuluma chongomatika pamwamba, umagwira galimoto ili phee n'kulekerera ikadumpha. Nyamulani matayala m'mwamba, finyani thirotolo pang'ono, gwedezani waya uliwonse: mota ikadukiza, mwapeza malo ake. Ngati mulibe chowotcherera champhamvu chokwanira waya wonenepa wa 12AWG, okonza mawailesi ndi ma TV amaichita ntchitoyi bwino.

Zonse zikafa kamodzi

Risiva ndi servo sizidya magetsi kuchokera ku batire mwachindunji. Mkati mwa ESC muli kagawo kotchedwa BEC kamene kamatsitsa voteji kufika 5V kapena 6V, ndipo m'ma ESC ambiri obwera ndi galimoto kamatha kupereka ma amp awiri kapena atatu okha. Servo yofatsa ya kufakitale imakhutira nawo. Servo yamphamvu ya magiya achitsulo, ikamalimbana ndi matayala akuluakulu opanikizika pakati pa miyala, imafuna ochuluka kuposa pamenepo. Voteji imagwa, risiva imazima n'kuyambiranso, ndipo pa kanthawi kameneko galimoto ilibe woiyendetsa. Marisiva a Spektrum, mwachitsanzo, amafuna voteji isatsike pansi pa 3.5V. Vutoli limakonda kwambiri magalimoto okwera miyala monga Axial SCX10 ndi Traxxas TRX-4, amene eni ake amawalemetsa ndi zitsulo za brass, n'kuwonjezera nyali ndi winchi yokokera chingwe, zonse zikuyamwa pa BEC imodzi yomweyo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani galimoto pa kapeti kapena pa udzu, tembenuzani chiwongolero uku ndi uku mofulumira mukuyang'ana kanyali ka risiva. Kakathima kapena kuphethira, mwagwira wakuba. Zulani nyali ndi winchi muyesenso.

Musanagule kanthu, konzani EPA pa rimoti, imene imaika malire a momwe servo ingatembenukire. Servo ikamafika pamene chiwongolero chathera n'kumakankhabe, imalira ndipo imakoka magetsi ochuluka kwambiri. Tembenuzani mpaka kumapeto, chepetsani EPA mpaka kulirako kuleke, mbali zonse ziwiri. Kenako masulani ndodo yochokera ku servo n'kutembenuza matayala ndi dzanja, muone ngati palibe pomanga. Izi zokha zimathetsa mavuto ambiri ndipo sizidya ndalama.

Zikapitirira, pali kapasita imene imakhomeka pa malo otsala a risiva, ya 4700µF kapena kuyandikira pamenepo. Imasunga magetsi pang'ono n'kuwapereka voteji ikagwa mwadzidzidzi. Imathandiza pa kugwa kwa kanthawi, koma servo imene ikukankha mwala masekondi angapo imaikhuthula yonse. Mankhwala enieni ndi BEC yapadera yolumikiza ku batire, monga CC BEC ya Castle Creations ya ma amp 10. Poiika, solorani waya wofiira wapakati pa kapulagi kochokera ku ESC kupita ku risiva, mumukulunge ndi tepi, kuti ma BEC awiri asamalimbane pa waya mmodzi. Ndipo onani voteji imene servo ndi risiva zanu zimalola musanaikweze kufika 7.4V.

Eriyo imaiwalika kwambiri pomanga galimoto. Pa risiva ya 2.4GHz, mbali imene imagwira uthenga ndi kansonga kosakutidwa ka kumapeto, kotalika pafupifupi mamilimita 31. Kasadulidwe, kasapindidwe, ndipo kaime chilili m'kapaipi kake pamwamba pa chasisi. Amene asintha chasisi ya pulasitiki n'kuika ya aluminiyamu kapena ya carbon asamale kwambiri, popeza zonse ziwiri zimatchinga uthenga. Waya wa eriyo asayende limodzi ndi mawaya a mota. Ngati galimoto imazima ikapita patali kapena ikalowa kuseri kwa chulu koma pafupi ili bwino, yambani ndi mabatire a rimoti, kenako eriyo. Ikani failsafe kuti uthenga ukaduka thirotolo ibwerere pakati, chifukwa galimoto ya makilogalamu atatu yothawa yokha ikhoza kuvulaza mwana.

Pali kudukiza kwina kumene sikuchokera ku zonsezi. Mota ya brushless yopanda sensa imanjenjemera pang'ono ponyamuka, chifukwa ESC imadziwa pamene rota, chozungulira cha mkati mwa mota, ili pokhapokha ikayamba kuzungulira. Ndi chibadwa chake, ngakhale pinion yaikulu ndi batire lofooka zimakukulitsa. Mota ya sensa ikayamba kuchita zomwezo, onani kawaya kake ka timawaya 6, kamene kamamasuka kapena kulowa dothi, ndipo mawaya atatu aakulu alumikizidwe A ku A, B ku B, C ku C. Pa mota ya mabulashi, ya 540 kapena 550, ngati imafuna kukankhidwa kuti inyamuke ndiye kuti mabulashi atha kapena mkati mwadzadza fumbi. Ndipo nthawi iliyonse mukasintha rimoti, risiva kapena ESC, bwezani trim (kosinthira pang'ono ka pa rimoti) ya thirotolo pakati n'kuphunzitsanso ESC malire a thirotolo monga kabuku kakunenera, apo ayi imatha kukana kunyamuka kapena kumayenda yokha.

Nanga ESC ikakhala kuti yafadi?

Zimachitika, makamaka madzi akalowa kapena batire likalumikizidwa mopingasa. Zizindikiro zake ndi fungo la kupsa, makapasita otupa kapena ophulika, kusayaka n'komwe pa batire limene mukudziwa kuti ndi labwino, kapena kutentha yokha galimoto isanasunthe. Onani kaswitchi kaye, popeza fumbi ndi madzi zimakapha msanga kuposa ESC yeniyeniyo. Ngati mnzanu ali ndi galimoto yofanana, sinthanani chipangizo chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, kuyambira batire, kenako servo, risiva, mota, ESC pomalizira. Mukasintha ziwiri nthawi imodzi vuto n'kutha, simudziwa chimene chinali cholakwa, ndipo mukhoza kutaya chabwino.

Mukatsimikiza kuti yapsa, musaike yatsopano musanayeze mota. Izuleni, muzungulitse shafiti ndi zala kuti mumve ngati mabering'i ali bwino, kenako ndi mita yoyezera magetsi onani kuti palibe waya uliwonse mwa atatu aja amene akulumikizana ndi chikopa cha mota. Mota yopsa mkati imapha ESC yatsopano pa batire loyamba lomwe.